Agogo anga amwalira katatu

Ku ofesi kwathu shuga ankagona m'kabati ya abwana, kiyi ali m'thumba mwawo. Nthawi ya tiyi ikakwana, amayi otiphikira ankapita ndi kambale kukagwada, abwana n'kumayeza okha ndi supuni ngati adokotala akugawa mankhwala. Pakhomo anaikapo makina odinda chala. Buku losainira analichotsa atatulukira kuti tsiku lina anthu 14 tinafika 7:30 yeniyeni, cholembera chimodzi, kalembedwe kamodzi. Mwini kalembedweko sindimutchula, koma aphunzitsi anga a Sitandade 5 akanamuloza ali kutali.

Musaganize kuti kukayikirana n'kwa mbali imodzi. Nafenso abwana akati kunja kwacha, timayamba tasuzumira pawindo. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti tonse ndife banja limodzi, timange malamba. Tinamangadi, ine mpaka ndinaboola bowo latsopano ndi msomali. Patangotha masabata awiri, bambo wa banjalo anatulukira ndi galimoto yonunkhira pulasitiki. Za penshoni ndiye musanene. Lamulo limati wantchito azidulidwa 5 peresenti, wolemba ntchito aziikapo 10. Yangayo pa pepala la malipiro siiphonya mwezi. Koma ndikafunsa kuti ndalamazo zikufikadi kumene zimasungidwa, a akaunti amayamba kusakasaka fayilo imene ili m'manja mwawo.

Chaka chatha akuluakulu anaona kuti zafika posauzana, ndiye anapita ku Mangochi masiku atatu kukaphunzira kukhulupirirana ndi antchito. Antchitofe anatisiya, kuopa kuti tingasokoneze maphunziro. Anabwerako ndi chambo cha kunyumba kwawo, ife n'kutibweretsera bokosi loponyamo maganizo, ati aliyense alembe zakukhosi osaika dzina. Bokosilo analikhomera pansi penipeni pa kamera. Ine, pokhala wochenjera, ndinalemba ndi dzanja lamanzere kuti shuga amasulidwe. M'mawa mwake abwana anandipeza pa makina a chala paja n'kuti, "Akulu, kodi mtengo wa shuga mukuudziwa koma?"

Tsono apa ndiulule zanga. Agogo anga aakazi a ku Ntcheu amwalira katatu chiyambireni ntchito imeneyi. Koyamba ndinali ndi intavyu kwina. Kachiwiri anali matsire. Maliro ndiwo chilolezo chokhacho chimene bwana wa ku Malawi sangakane, chifukwa amene wakaniza mnzake kukaika mbale wake, tsiku lake likadzafika adzakumba yekha manda. Malungo amafuna kalata ya kuchipatala, koma kumanda adzukulu sapereka lisiti.

Kachitatu linali Loweruka lowerenga katundu, tsiku lomwelo Bullets ikukumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Lachisanu madzulo ndinagogoda kwa abwana, maso ofiira, nditatikitamo ndi chala.

"Bwana, kumudzi sikuli bwino. Agogo atisiya."

Ndinkayembekeza kuti andifunsa kuti agogowo ndili nawo angati. Koma za ku Mangochi zija zinali zisanawatheretu m'mutu. Anaimirira, kundigwira paphewa, n'kutulutsa K10,000 ya chipepeso. "Pepani, akulu. Ndikanakuperekezani, koma mawa ndikulawirira ku Lilongwe kukathamangitsa ndalama za malipiro anu omwe." Misozi imene inalengeza m'maso mwanga nthawi imeneyo inali yeniyeni, ngakhale sindikudziwa kuti ndinkalirira ndani.

Chimene chinandipachika ndi chipepeso chomwecho. Masiku onse ine ndine wa kumasitandi a padzuwa, kumene bwana aliyense safikako. Koma thumba litatupa, ndinati lero nane ndikakhale pamthunzi ngati munthu. Ndinavala jezi yanga yofiira, kugula kanyenya, n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake. Maule atagoletsa, ndinadumpha n'kukumbatira bambo amene anali kutsogolo kwanga, tonse tikukuwa. Fungo la perefyumu ndi limene linayamba kundiuza kuti pali vuto. Nditasiya, ndinapezeka ndikuyang'anizana ndi munthu amene amayenera kukhala pa mtunda wa makilomita oposa 300, ali ndi vuvuzela m'manja.

Tinakhala chete kanthawi, ngati nkhuku ziwiri zakumana m'nkhokwe ya eni.

"Mwaika kale maliro?" anafunsa.

"Eya, bwana. Kunja kwatenthaku, anamfedwa anati tisachedwe. Nanga mseu wa ku Lilongwe uli bwanji?"

"Uli bwino, uli bwino. Kulibe ndi apolisi omwe."

Akale anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala, koma makoswe a tsiku limenelo tinangogawana kanyenya n'kuonera limodzi chigawo chachiwiri. Pobwerera anandikweza m'galimoto yonunkhira ija mpaka ku Ndirande, mpando wakutsogolo. Za malipiro sindinafunse, iwo za agogo sanabwerezenso.

Lolemba pa msonkhano analengeza kuti kiyi wa shuga azisunga ndine, chifukwa ndine munthu amene iwo amamudziwa bwino. Anzanga anaomba m'manja mozizira. Panopa ndikalowa m'khitchini nkhani imaduka, ndipo m'bokosi muja mwayamba kupezeka makalata onena za ine, ena olembedwa ndi dzanja lamanzere. Shugayo ndimayeza ndi supuni yomwe ija. Anthuwa mukawatayirira, paketi siifika Lachitatu.

Dzulo agogo anandiimbira foni kuchokera ku Ntcheu, mawu ali gwa ngati mtsikana. Akuti akubwera Lachinayi kudzapimitsa maso ku Blantyre kuno, ndipo sabwerera asanaone kumene mdzukulu wawo amagwira ntchito. Asunga kale nkhuku yoti adzapatse abwana.