Ulemu Upite kwa Mlonda wa Mapointi 50

Pa ntchito zonse za pa intaneti, palibe yonyozeka ngati ya mlonda wa pageti la Stack Overflow. Salandira malipiro, sawodzera, sadya ziphuphu, komabe dzuwa sililowa asanatukwanidwe. Mlondayu si munthu ayi. Ndi lamulo la mapointi, limene kwa zaka zoposa 15 lakhala likuuza olemba mapulogalamu a kompyuta kuti kulowa m'bwalo n'kwaulere, koma kutsekula pakamwa kuli ndi mtengo wake. Nthawi yakwana yoti wina amuombere m'manja.

Jeff Atwood ndi Joel Spolsky atakhazikitsa Stack Overflow mu 2008, cholinga chawo chinali chomveka. Wolemba mapulogalamu akasowa pogwira afunse, odziwa ayankhe, ndipo yankho labwino likwere pamwamba ndi mavoti kuti wobwera mawa asavutikenso. Koma bwalo lotere likakhala lopanda mpanda, otsatsa malonda ndi anthu achipwirikiti amalidzaza tsiku limodzi. Choncho eni ake anaika mlonda, nam'patsa ndandanda ya mitengo. Wolembetsa kumene amayamba ndi pointi imodzi. Akafika pa 15 amaloledwa kuvotera yankho limene lamuthandiza. Pa 50 amaloledwa kuponyapo mawu pansi pa zimene ena alemba. Pa 125 angathe kuvota kuti yankho ndi loipa, pa 2,000 amakonza zolemba za ena popanda womuunika, pa 3,000 amavota nawo kuti funso la mnzake litsekedwe, ndipo pa 10,000 amaona ngakhale zimene zinafufutidwa. Mapointiwo amagawidwa ndi amene analowa kale: voti imodzi pa yankho imabala 10, ndipo wofunsa akasankha yankholo kuti ndi limene lathetsa vuto lake, woyankhayo amapatanso 15.

Choyamba chimene mlondayu ayenera kutamandidwa nacho ndi kusayang'ana nkhope. Wophunzira wa chaka choyamba ku Zomba ndi katswiri amene wamera imvi akulemba mapulogalamu a ndege, onse amaima pamzere umodzi ndi pointi imodzi m'manja. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux mu 1991 ndi Git mu 2005, atati alembetse ngati munthu watsopano, naye angauzidwe kuti ayambe wapeza 50 asanauze munthu kuti malangizo ake okhudza Git ali ndi kachilema. Ndi ofesi iti padziko pano imene ingalimbe mtima kubweza mwini katundu pakhomo chifukwa chosowa chiphaso? Chilungamo chotere n'chosowa, ndipo kusowa kwake mwina kuli ndi zifukwa.

Chachiwiri, mlondayu ndi mphunzitsi wa kudekha, ndipo kaphunzitsidwe kake n'kaluso.

Munthu watsopano wapeza funso limene akulidziwa bwino, koma wofunsayo sananene ngati akugwiritsa ntchito Python 2 kapena Python 3. Chiganizo chimodzi chofunsa zimenezi chikanakwanira. Mlonda akuti ayi, mapointi sanakwane. Munthu uja akuona kuti bokosi lolembamo yankho ndi lotsekula, ndiye akulemba momwemo. Pasanapite nthawi ena ampezerera kuti zimene walembazo si yankho, ndipo zafufutidwa. Tsiku lina akupeza yankho lakalekale limene lili pamwamba ndi mavoti mazanamazana, koma njira yake inatha ntchito ndipo lero ingatsekulire mbava za pa intaneti khomo. Kuchenjeza sangathe. Kuvota kuti ndi loipa sangathenso. Akapempha kulikonza, owunika angam'kanire ponena kuti akusintha maganizo a mwini wake. Chimene watsala nacho n'kulemba yankho lakelake, limene likakhale pansi penipeni, kumene owerenga safikako. Motero mlonda amaletsa mlendo kunena mawu asanu, koma amam'lola kulemba nkhani yonse. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlondayu amaonetsetsa kuti kalumoko kasiyidwe pageti, kuti pasapezeke wodzicheka.

Sikuti ndi wouma mtima. Njira ya osauka anaisiya. Aliyense amene wakonza kalembedwe ka mnzake, owunika n'kuvomereza, amalandira mapointi awiri. Katswiri wa zaka zambiri angathe kuwongola mitu ya mafunso ndi kubwezera zilembo zosowa maulendo 25, ndipo akatero ndiye kuti wakula, angathe kulankhula pagulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona ukulu wake, mlondayu amalemekeza achikulire. Mafunso ofewa, amene wolemba mapulogalamu aliyense amakumana nawo sabata yoyamba, anafunsidwa ndi kuyankhidwa m'zaka zoyambirira. Mu 2009 wina anafunsa mmene angabwezere m'mbuyo zimene wasunga molakwika mu Git, ndipo funso limenelo linakolola mavoti oposa 20,000. Mu 2012 wina anafunsa mmene angatulukire mu Vim, pulogalamu yolembera imene imatchuka ndi kutsekera anthu m'kati, ndipo pofika mu 2017 funsolo linali litaonedwa kokwana miliyoni imodzi. Mavoti a mafunso ngati amenewa sanasiye kugwa. Amene anafunsa ndi kuyankha nthawi imeneyo akulandirabe mapointi mpaka lero, kaya akugwirabe ntchitoyo kaya anaisiya. Koma wobwera lero akafunsa zofanana nazo, funso lake limatsekedwa poti linafunsidwa kale. Kuyambira mu 2014, munthu amene ali ndi baji yagolide pa nkhani inayake angathe kutseka funso lotere yekha, osadikira voti ya wina. Wobwera mochedwa amatsala ndi mafunso ovuta, ofuna maola ambiri, amene amawerengedwa ndi anthu ochepa ndipo amabala voti imodzi kapena ziwiri. Mtengo wa pageti ndi umodzimodzi kwa onse; chimene chinasintha ndi kapezedwe ka ndalama yolipirira.

Mu Novembala 2019 kampani inaganiza zolimbikitsa ofunsa mafunso. Inakweza voti ya pa funso kuchoka pa mapointi asanu kufika pa 10, ndipo inawerengetsanso kuyambira pachiyambi. Amene anali ndi mafunso akale otchuka anangodzuka ali olemera kuposa dzulo lake. Pofuna kuti zinthu zisanyanye, pali malire a mapointi 200 patsiku ochokera ku mavoti. Malire amenewa munthu wa mayankho zikwizikwi angawafike ali mtulo, pamene watsopano amawaona ngati nthano. Jon Skeet wa ku England, katswiri wa C#, anakhala woyamba kufika pa mapointi miliyoni imodzi kumayambiriro kwa 2018, ndipo palibe angakane kuti anakhetsa thukuta. Funso limene mlonda safuna kulimva ndi lakuti kodi munthu wa luso lomwelo atayamba lero angafike pati.

Chachinayi, mlondayu amadziwa kusunga ubale. Stack Overflow ili ndi abale ake ambiri m'banja la Stack Exchange: a masamu, a zophikaphika, a zamaluwa ndi ndiwo zamasamba, ndi ena otero. Munthu akangofika pa mapointi 200 pa bwalo limodzi, amapatsidwa 100 aulere pa bwalo lina lililonse limene angalembetse. Ndiye kuti katswiri wa Java amene sanatenthepo mafuta m'poto amafika ku bwalo la zophikaphika ali kale ndi ufulu wovota ndi kudzudzula, pamene mayi amene waphika m'mahotela moyo wake wonse amaima panja ndi pointi yake imodzi. Eni ake amafotokoza kuti mphatsoyi imasonyeza kuti munthuyo amadziwa malamulo a pabwalo. Apa mlonda amanena chilungamo mosabisa: chimene amayeza si kudziwa nkhani, koma kudziwa mwambo wa pakhomo.

Amadziwanso kusunga chinsinsi. Munthu amene mafunso ake angapo sanalandiridwe bwino amangoona uthenga woti saloledwanso kufunsa. Kawerengedwe kake kampani sinaulule, poopa kuti anthu angakazembe. Mafunso amene mwini wake anafufuta chifukwa cha manyazi amawerengedwabe. Wolangidwayo amapatsidwa mwayi wa funso limodzi pakatha miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yokwanira kuti vuto lake lithe lokha kapena ntchito imuthere.

Onyoza mlondayu asaiwale zimene zimachitika pamene palibe woima pakhomo. Mu Okutobala 2020 kampani ya DigitalOcean inachititsa mwambo wake wa chaka ndi chaka wa Hacktoberfest, wolonjeza tisheti kwa otumiza zosintha zinayi ku mapulogalamu aulere a pa GitHub. Masiku oyamba okha, osamalira mapulogalamuwo, ambiri a iwo ongodzipereka, anakwiririka ndi zosintha zopanda mutu: wina waonjezera liwu limodzi pa mutu wa chikalata, wina wasuntha kadontho. Madandaulo atachuluka, DigitalOcean inasintha malamulo mwezi womwewo kuti ziwerengedwe zokhazo zopita ku mapulogalamu amene eni ake avomera kulowa nawo mwambowo. Tisheti imodzi inachita zonsezo. Choncho mpanda uli ndi ntchito, ndipo mayankho mamiliyoni a pa Stack Overflow akhala aukhondo chifukwa wina ankasesa. Chodabwitsa n'chakuti tsache lomwelo limasesera kumodzi wotsatsa mankhwala abodza ndi wophunzira amene wangolakwitsa kafunsidwe m'Chingerezi chimene si chinenero chake. Olankhula Chipwitikizi, Chijapanizi, Chirasha ndi Chisipanishi anapatsidwa mabwalo awoawo. Ena onse amayesedwa m'Chingerezi.

Mlondayu ndi wofatsanso akadzudzulidwa. Mu Epulo 2018 mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, Jay Hanlon, anavomera poyera kuti anthu ambiri, makamaka ongoyamba kumene, amayi ndi anthu omwe si azungu, amaona bwaloli ngati lankhanza ndi lodzikweza. Miyezi ingapo pambuyo pake panabwera malamulo atsopano a khalidwe, komanso kachizindikiro ka dzanja lopereka moni pafupi ndi dzina la munthu watsopano, kokumbutsa akale kuti amulankhule mwaulemu. Mitengo ya pageti sinasunthe. Mlendo anapitiriza kuimitsidwa panja, koma tsopano akubayibitsidwa.

Nanga mapointiwo amagula chiyani? Ngakhale mchere sagula. Mu 2021 kampani ya Prosus, imene mwini wake wamkulu ndi Naspers ya ku South Africa, inagula Stack Overflow pa madola 1.8 biliyoni. Chuma chimene chinkagulidwacho chinali mafunso ndi mayankho amene anthu analemba mwaulere, atapirira mizere yonse ija. Iwo anatsala ndi mabaji awo agolide, asiliva ndi amkuwa.

Kenako kunabwera mlendo amene mlonda sanamufunse kanthu. Zolemba za pabwaloli n'zotsekukira aliyense, ndipo mapulogalamu a AI anaphunzira zambiri kuchokera m'menemo popanda kupeza ngakhale pointi imodzi. ChatGPT itatuluka kumapeto kwa Novembala 2022, anthu anayamba kukopera mayankho ake n'kumawaika pabwalo pofuna mapointi achangu, ndipo mu Disembala bwalolo linaletsa mchitidwewu poona kuti mayankho ambiri amaoneka olondola koma ali olakwika. Mu Juni 2023 oyang'anira ongodzipereka anachita sitalaka, podandaula kuti kampani ikuwamanga manja pa kuchotsa zolemba za AI. Mu Meyi 2024 kampaniyo inalengeza mgwirizano ndi OpenAI, eni ake a ChatGPT. Olemba ena atakwiya anayamba kufufuta kapena kuwononga mayankho awo. Mayankhowo anabwezeretsedwa ndipo ena mwa iwo anaimitsidwa kwa kanthawi, pakuti chilolezo chimene anavomera polembetsa sichilola kubweza zimene munthu anapereka. Apa mlonda anaonetsa kuti amagwira ntchito mbali zonse ziwiri za geti: polowa amafunsa mapointi, potuluka amaonetsetsa kuti katundu watsala.

Wophunzira uja amene ankaopa kutsekeredwa funso tsopano amafunsa makina, amene samuuza kuti zimenezo zinafunsidwa kale, ngakhale kuti nthawi zina amamunamiza molimba mtima. Cha m'ma 2014 bwaloli linkalandira mafunso pafupifupi 200,000 pamwezi. Chiwerengerocho chinayamba kutsika ChatGPT isanabwere, kenako chinagweratu, moti pofika mu 2025 chinali chitabwerera pa mlingo wa zaka zoyambirira za bwaloli. Mlonda anapatsidwa ntchito yoletsa phokoso, ndipo pa ntchito imeneyo wakhoza ndi mamalikisi onse.