Chakudza Sichiyimba Ng'oma, Sichifulashanso

Akuluakulu amene anati chakudza sichiyimba ng'oma anali asanakhalepo m'nyumba ya mita ya mayunitsi. Masiku ano chilichonse chikamadza chimayamba chalira. Magetsi akatsala pang'ono kutha, mita imalira pakati pa usiku mpaka agalu a aneba kudzuka. Foni ikamva njala imadandaula batire ikadali pa 15 peresenti, ndipo bambo wandevu zake amathamanga kusaka chaja ngati nyumba ikupsa. Wangongole naye amayamba ndi "Mwadzuka bwanji achimwene?" pa WhatsApp, iwe n'kudziwiratu kuti gule wayandikira. Tazolowera, moti chimene sichinalire timangoti kulibe.

Chilipo chimodzi chimene chinakakamira mwambo wa makolo: BP, kuthamanga kwa magazi. Imeneyi sinena odi. Munthu amakhala nayo zaka, akudya bwino, akuvina pa perekaniperekani, mutu osawawa ngakhale pang'ono. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ndiye kuti mpando uliwonse wa minibasi uli ndi wake, ndipo poti kondakitala amakhazika anayianayi, masamu enawo mumalize nokha.

Chovuta n'chakuti zimene zimaiitana ifeyo timaziyimbira m'manja. Munthu akakwezedwa pantchito, mimba n'kuyamba kutsogola polowa pakhomo, timati thupi labwera, zikuyenda. Kuchoka pa ofesi kupita pachiwaya amakwera kabaza. WHO imati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwana. Koma bwana angoyerekeza kuyenda wapansi mumsewu wa kwawo, pofika madzulo mbiri yamveka kuti galimoto aja alandidwa ndi a banki.

Nanga mchere? Taimani pakanyenya muone. Nyama yathiridwa kale mchere ili pamoto, koma pambali pa mbale pali kamulu kena kosakaniza ndi tsabola, ndipo nthuli iliyonse imayamba yagubuduzika pamenepo isanalowe m'kamwa. Kamulu kakatha, kasitomala amakodola wootcha uja kuti awonjezere, poti mcherewo ndi waulere. Kunyumba ndiwo zalandira mchere, zalandiranso kakyubu kokometsera, koma bambo asanalawe n'komwe dzanja lafika kale pakabotolo. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi wobisala mu buledi ndi m'soseji womwe. Ena kasupuni kameneko amakamaliza dzuwa lisanafike paliwombo.

Tsiku lina m'mawa mkono wa bwana uja wakana kunyamuka, kamwa yapotokera mbali imodzi, mawu sakumveka. Apa ndiye ng'oma zimalira, koma oyimba ake ndi abale: "Amumenya hamala!" Mlandu umakagwera gogo wina kumudzi, amene sadziwa n'komwe kuti ofesi ya mdzukulu wake inaloza kuti. Adokotala akayeza amati ndi sitiroko: mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kawirikawiri BP ndiyo inakhala ikuufooketsa mwakachetechete. Maola amene banja limataya pokambirana za hamala ndi omwewo amene wodwalayo amafunika kukhala ali kuchipatala.

Palinso gulu la anzathu oyezetsa, olandira mapiritsi, n'kumwa mwezi umodzi basi. Ukawafunsa amati, "Ndinasiya, ndikupeza bwino." Chonsecho ngakhale tsiku limene anawapeza nayo ankapeza bwino. Mapiritsiwo amaigwira BP kuti isakwere, saichotsa. Ukawasiya imabwerera, ndipo sitsanzika kapena kulonjera. Ena amasinthanitsa ndi adyo ndi mandimu za pa gulu la WhatsApp la mpingo, kapena kabotolo ka m'basi kamene akuti kamachiza BP, shuga, chifuwa ndi banja logwedezeka. Adyoyo ikani m'ndiwo, amakoma, koma mapiritsi musasiye popanda mawu a dokotala.

Kuyezetsa kwake n'kosavuta mochititsa manyazi. Anesi amakulunga kalamba pamkono, kamafinya pang'ono, n'kutulutsa manambala awiri. Akamafika 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, ndiye kuti mlendo uja analowa kale m'nyumba. Satenga magazi, palibe jakisoni (ndikunena inu abambo oopa singano), ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Choncho achimwene, ulendo wina mukaperekeza mayi a kunyumba kusikelo, musatsalire panja pansi pa mtengo wa mango. Lowani nawo, mupinde mkono wa malaya.