Njinga yopanda kaliyala

Mnansi wanga ku Kawale, atauzidwa ndi dokotala kuti mimba yayamba kutsogola, anaganiza zogula njinga yolimbitsira thupi. Njinga ya Buffalo anaikana, akuti ndi ya akabaza. Iye amafuna zija za matayala owonda ngati chala, mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa.

Pa kaunjika m'tauni anapeza ziwiri zofanana ngati mapasa, ina ya magiya 16, ina 18. Masabata atatu bamboyu osagona, kufunsa aliyense ngati aluminiyamu imaposa chitsulo. Ine ndinamuuza kuti asankhe yomukwana msinkhu basi, poti magiya awiri apamwambawo sangamupalasire. Wokonza njinga pansi pa mtengo anangomufunsa komwe adzapeze chubu chake tayala likadzaphulika m'maenje a ku Chinsapo. Funso limeneli silinayankhidwe mpaka lero.

Mapeto ake anagula yofiira, chifukwa ndi yofiira.

Lamlungu m'mawa, pamsewu wa Bypass, wakabaza wina anamupitirira atanyamula mayi, mwana kumsana ndi thumba la makala. Njinga ya wakabazayo inali ya giya imodzi. Yofiira ija pano ili pabalaza, akuyanikapo thaulo.