Kochi wa Amalume

Ndiyambe ndi kuulula kuti pepala lililonse la zaumoyo ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi miyezi itatu ya jimu ku Lilongwe, jezi yothina ndi wezulo yobwereka kwa mnzanga woimbira mpira wa ana. Koma tsiku limene mayi anandiimbira foni kuti amalume atuluka ku Kamuzu Central, kuti khansa ya Kaposi yomwe inayambira m'miyendo ija yafika m'mapapo, ndipo adokotala ati kuwonjezera pa kemo azichita mafizo kuti befu lichepe, ndinamva ngati mtundu wonse wazindikira luso langa. Mawa lake ndinatsika minibasi pa Linthipe 1, chifuwa chili patsogolo.

Amalume ndi munthu amene ankasenza thumba la kachewere kuchokera kudimba mpaka pamsewu wa M1 osatula. Tsopano kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe ankaima kawiri. Ine nditawayang'ana ndinagamula mlandu pomwepo: vuto ndi fitness basi.

Tsiku loyamba ndinawadzutsa 5 koloko m'mawa. Unali mwezi wa June, ndipo amene anagonapo kumapiri a Dedza nyengo imeneyi akudziwa kuti mphepo yake ili ndi mano. Pulogalamu ndinali nditailemba pakatoni: warm-up, kuthamanga mpaka kumtsinje, ma push-up khumi. Amalume, pokhala munthu waulemu, anavala jekete n'kunditsatira, koma titangofika pamtengo wa mapichesi kuseri kwa khitchini mpweya wozizira unawatsamwa, chifuwa chinayamba, ine n'kumakuwa kuti "Kokani mpweya wambiri, amalume, deep breath!", iwo n'kumakoka mothamanga, mapewa akukwera mpaka m'makutu, maso ali tong'o, ndipo ine nditasowa chochita ndinaimba wezulo, mpaka lero sindidziwa chifukwa chake, agalu a mudzi wonse anauwa, azibambo anatuluka ndi zibonga poganiza kuti kwagwidwa wakuba mbuzi, n'kupeza mnyamata wa mutauni atavala kabudula wonyezimira akukupiza manja pamutu pa mwini mbumba wake.

Mpweya utabwerera, amalume anangoti, "Basi aKochi, game yatha." Dzina linamera pomwepo.

Manyazi anandikankhira mbali ina. Ndinalengeza kuti odwala sayenda. Ndinawagoneka m'chipinda, kutseka zenera, kutsekera nsanza m'mipata yonse, ndipo pofuna kuti mphepo ya dzulo ija isawapezenso ndinalowetsa mbaula ya makala n'kuiika pafupi ndi bedi. Azakhali atabwera kuchokera kumjigo sananene kanthu, anangonyamula mbaulayo ndi chitenje n'kukaiponya pabwalo, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Makala m'nyumba yotseka amapha ngakhale munthu wa mapapo abwinobwino. Zimenezi ndinazilemba pamayeso a Fomu 2 ndipo ndinakhoza. Lamulo la kugona lokha ndinaliumirira kwa milungu iwiri, mpaka tsiku limene amalume analephera kudzuka pampando popanda kuwakoka. Miyendo inali itaphwa ngati mapesi.

Kenako ndinakumbukira za nthawi ya Covid-19, pamene dziko lonse linkadzifukiza ndi masamba a bulugamu. Ndinawiritsa mphika, kuwafunditsa bulangete, ine n'kukhala panja ndi foni kuwerenga mphindi. Sanathe ngakhale imodzi. Munthu amene akusowa kale mpweya, kum'tsekera mumdima wotentha, ndiye kuti wam'panikiza kawiri. Bulangete linauluka, mphika unagubuduka, madzi anatsata phazi langa. Ndikutsimphina choncho ndinakagula mabaluni pa gulosale kuti tilimbitse mapapo, ndipo poti mphunzitsi amayamba ndi chitsanzo ndinafufumitsa yoyamba, yachiwiri, yachitatu mothamanga kuti ana omwe anasonkhana aone mphamvu za jimu, mutu unayamba kuzungulira, nkhokwe inapendekeka, ndipo ndinadzidzimuka ndili chagada pafumbi, baluni yofiira ikuuluka mozungulira bwalo ikulira mwamwano, amalume akuseka mpaka kutsokomola, azakhali akundithira madzi a m'ndowa yotsukira mbale.

Paja akuti safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Ndinamva penapake kuti fani imathandiza odwala befu. Ndinapita ku Lilongwe, kugula fani yaitali ngati munthu, kuilipirira mpando wakewake m'minibasi, kuikweza pa kabaza itakumbatiridwa ngati mkwatibwi. Nditafika nayo ndinazungulira nyumba yonse ndi pulagi m'manja. Kwa amalume kulibe magetsi. Kuli kasola kamodzi kotchajira foni, ndipo ine ndinali nditagona m'nyumbamo mwezi wathunthu ndikuunikira tochi.

Tsiku lobwerera kuchipatala ndinawaperekeza, ndili ndi chiyembekezo choti mwina andiyamikirako. Mayi wa mafizo anamvetsera nkhani yanga yonse osaphethira, kenako anatembenukira kwa amalume ngati ine ndine khoma. Anafotokoza kuti befu la khansa lili ndi magwero angapo: chotupa chenichenicho, madzi odzadza m'chifuwa omwe adokotala amatha kuwapopa, magazi kuchepa chifukwa cha kemo, komanso mantha, poti munthu akabanika amaopa, akaopa amapuma mothamanga, n'kubanika koposa. Za kugona milungu iwiri zija anangopukusa mutu. Minofu yosagwira ntchito imafooka, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wochuluka pa ntchito yochepa, ndiye munthu amaopa kuyenda, n'kufookeratu. Mwachidule, ine ndinayamba ndawathamangitsa mopitirira, kenako ndinawagoneka mopitirira.

Zomwe anawaphunzitsa zinandichititsa manyazi chifukwa cha kuphweka kwake. Befu likabwera, akhale pansi, awerame pang'ono, zigongono pamaondo, mapewa alekerere. Akoke mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 2, autulutse pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka kuwerenga mpaka 4, ngati akuuzira phala la mwana. Nkhani yagona potulutsa. Ine mwezi wonse ndinkakuwa za kukoka. Kuyenda aziyenda tsiku lililonse, dzuwa litatuluka, pang'onopang'ono, akumapumira m'njira, ndipo azidziyesa okha pa muyeso wa 0 mpaka 10: pa 3 kapena 4 ndi pabwino, akalephera kumaliza chiganizo polankhula ndiye kuti apitirira. Kudzuka ndi kukhala pampando kasanu ndi masewera okwanira poyambira. Koma befu likakula mwadzidzidzi, akatsokomola magazi kapena thupi likatentha ali pa kemo, kumeneko kulibe mafizo, n'kuthamangira kuchipatala.

Ndinafunsa za fani yanga ndi mawu otsika. Anati kamphepo kowomba pamphuno ndi m'masaya kamakhudza mitsempha ya kunkhope, ubongo n'kukhazikika, ndipo kachidutswa ka katoni kapena lichero zimagwira ntchito yomweyo. Namwino atatulutsa botolo la mofini wamadzi ndinadumpha, kunena mokweza kuti amalume anga sanafike pomwalira. Chipinda chonse chinatembenuka. Namwinoyo anandiuza modekha kuti mofini wochepa, woyezedwa ndi adokotala, amachepetsa befu ndi ululu, ndipo anthu amamwa akuyenda ndi kulima komwe, monga amachitira odwala a ku Ndi Moyo ku Salima ndi m'zipatala zina zosamalira odwala matenda okhalitsa. Ndinakhala pansi. Mpando unali ndi munthu kale.

Pofika September amalume ankafika pankhokwe osaima, kenako pamjigo, ndodo m'manja, katoni m'thumba la jekete. Katoni yake ndi ija ndinalembapo ma push-up khumi. Khansa sinachoke, ndipo masiku ena befu limawagwira ali chikhalire, koma samachitanso mantha ngati kale. Amangowerama n'kuyamba kuuzira phala lawo losaoneka.

Ine ndiye sindinachire. Loweruka lina ndinati tikondwerere, tipite ku Chongoni tikaone zojambula za pamiyala zija UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006, malo 127 onse amene ine, mdzukulu wa dera lomwelo, ndinali ndisanaonepo ndi amodzi omwe. Tinapita pa njinga zamoto. Amalume anayang'ana phiri, anadziyesa pa muyeso wawo, n'kukhala pamthunzi m'munsi. Ine ndinati ndikwera mothamanga ndikawajambulire, ndipo ndinathamangadi, mamita mwina 200 oyamba ndikuimba mluzu, otsatira ndikukwawa, mtima ukugunda m'makutu, malovu atauma, foni itagwera m'mphako, mpaka ndinatsetsereka chamatako kubwerera pomwe ndinachokera ndisanaone chojambula ngakhale chimodzi, kabudula wonyezimira uja atang'ambika malo osatchulika.

Amalume anandisuntha kuti ndiwerame, anaika zigongono zanga pamaondo, anatulutsa katoni n'kuyamba kundikupiza kumaso.

"Uzirani phala, aKochi," anatero. "Pa 10 muli pati?"

Ndinakweza zala zonse. Mpweya woyankhira unalibe.