Mame Amene Anatha Zaka 400 Osakamuka

Masiku ano mabasi a alendo odzaona malo sakata phazi ku Holašovice, kamudzi ka anthu osakwana 200 pafupi ndi mzinda wa České Budějovice ku Czech Republic. Chifikireni mudziwu pa mndandanda wa malo otetezedwa a UNESCO mu 1998, anthu amatsika, kujambula nyumba zokongoletsedwa kumaso, dzuwa lisanapendeke abwerera. Akuluakulu akanaona akanati, si paja tinanena kuti mlendo ndi mame? Ine ndikuti mwambiwu ndi woona mopyola muyeso, chifukwa kumeneko ngakhale odzitcha eni mudzi akhala akukamuka.

Mu 1292 mfumu Václav II inapereka mudziwu kwa amonke a ku Vyšší Brod, minda ndi anthu omwe, popanda kufunsa mwini khasu aliyense. Amonkewo anaugwira mpaka 1848. Cha m'ma 1520 mliri unasesa mudzi, ndipo mbiri imati anatsala anthu awiri okha. Poona kuti munda wopanda wolima supereka msonkho, amonke anaitana anthu olankhula Chijeremani kuchokera ku Bavaria ndi Austria. Alendo athu ndi amenewa. Anafika, nalima, nakwatirana, nabereka, naika maliro, adzukulu awo nachitanso chimodzimodzi. Thangata atathetsedwa mu 1848 ndalama zinayamba kutsala m'thumba, ndiye alimi anayamba kupikisana pokometsa nyumba, aliyense kufuna kuti khoma lake lakumaso lichititse manyazi la mnzake. Nyumba zimene UNESCO ikutamanda lero zambiri n'za nthawi imeneyo. Pofika 1895 m'mudzimo munali Ajeremani 157 ndi anthu a Chitcheki 19 okha. Mame amtundu wanji omanga nkhokwe za miyala ndi tchalitchi pakati pa bwalo?

Wina anganene kuti apa mwambi wagwa chagada, pakuti wokhala zaka 400 salinso mlendo. Ayi, udangochedwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, malamulo a pulezidenti Edvard Beneš analanda anthu olankhula Chijeremani unzika ndi katundu, ndipo pofika kumapeto kwa 1946 ambiri anali atathamangitsidwa m'dziko, a ku Holašovice omwe. Kungoti apa panalibe dzuwa lowakamutsa. Panali anthu, zikalata ndi sitima zapamtunda. N'chifukwa chake mwambiwu umandiopsa ukakhala m'kamwa mwa wolandira alendo. Umaoneka ngati ukumulangiza kuleza mtima, koma umamunong'onezanso kuti mnzakeyo tsiku lina adzachoka ndithu, kaya ndi iye, kaya ndi chidzukulu chake chachikhumi.

Winanso anganene kuti Ajeremani a m'dzikomo anadziputira okha, pakuti ambiri anakondwera pamene Hitler analanda madera awo mu 1938, ndipo anthu a Chitcheki anazunzika koopsa pansi pa ulamuliro wake. Izi n'zoona, sindikuzichepetsa. Koma chilango sichinasankhe yemwe anaimbira Hitler m'manja ndi yemwe anali kumbuyo kwa amake. Chimene chinafunsidwa kwambiri n'chilankhulo, ndipo mlimi yemwe makolo ake anaitanidwa kudzadzutsa mudzi wakufa anauzidwa kuti abwerere kwawo kumene sanakuonepo. Nyumba zina zinatsala zogonamo mbewa, zina zinapatsidwa kwa mabanja a Chitcheki ochokera m'madera ena, amene anafika osadziwa ngakhale kumene kuli chitsime, koma zikalata zikuwatcha kale eni ake.