Nkhuyu Yodziulula Yokha

Chichokereni pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, anthu ambiri akumbukira kuti laputopu yawo yakalamba ndipo ikufunika kuwonjezera RAM. Mipeni ya kukhitchini nayo yapeza ganyu. Bambo wolemekezeka ndithu amagadabuza laputopu n'kuyamba kuikanula m'mbali kuti aone ngati muli RAM ya mtundu wa DDR3 kapena DDR4. Mukawaletsa, amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, iwo sakhulupirira chimene sanang'ambe.

Makolo sananame, kungoti nkhuyu zawo zinali zosalankhula. Nkhuyu ya laputopuyi ukaifunsa imayankha. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Performance, kenako pa Memory. Ikuuzani kuti muli ma GB angati, liwiro lake, ndiponso ngati malo oikamo RAM ina alipo. Koma nthawi zambiri pa dzina la mtundu imakhala chete, poti nayo ili ndi manyazi ake.

Apa m'pofunika nkhoswe. Kapulogalamu kaulere kotchedwa CPU-Z kamawerenga kachipangizo kakang'ono ka SPD, kamene opanga RAM amalembamo mtundu, kukula ndi dzina la kampani. Mukatsegula pa Memory, pamzere wa Type palembedwa DDR4 poyera. Musakomoke mukaona 1600 MHz pamene wogulitsa analumbira kuti ndi 3200. Sanakubereni. DDR imatumiza uthenga kawiri pa kugunda kumodzi, ndiye nambalayo muichulukitse kawiri. A Linux amalemba sudo dmidecode -t memory n'kuyang'ana anzawo monyada. Okonda kudzizunza amafunsa PowerShell, yomwe imayankha mophiphiritsa: 24 ndiye DDR3, 26 ndiye DDR4, 34 ndiye DDR5.

Mwina mukuti RAM ndi RAM basi. Ayi ndithu. DDR3 ya mu laputopu ili ndi timano 204, DDR4 ili ndi 260, ndipo mpata wake uli pamalo osiyana, dala, kuti wamakani asailowetse. Wamakaniyo amakankhabe, kenako amati kompyuta yalodzedwa. Ngakhale m'banja la DDR3 momwemo muli tsankho: ina imadya magetsi a mavolti 1.5, pamene DDR3L imadya 1.35, ndipo laputopu zina zimakana yoyambayo.

Ine maganizo anga ndi akuti wogula laputopu ya kaunjika aziyamba wapempha kuti ayiyatse, adine mabatani atatu aja wogulitsa akuona. Woona mtima amakupatsa mpando. Wobisa kanthu amakumbukira mwadzidzidzi kuti batire yatha ndipo chaja anabwereka mlamu wake. Ndalama ya laputopu anthu amaisonkha miyezi, ena n'kugulitsa mbuzi kuti mwana apite nayo ku koleji, ndiye kufunsa si mwano.

Komabe mwambi uja suchoka pabwalo wopanda kanthu. Laputopu zokongola kwambiri, zopyapyala, zonyezimira, zija munthu amazinyamula osaziika m'chikwama kuti tizione, zambiri RAM yake ndi ya LPDDR, yowotchereredwa pa bolodi. Sichoka, siwonjezereka. Unagula ya 8 GB, udzakalamba nayo 8 GB yomweyo, pamene chilaputopu chonenepa cha mnzako, chomwe unkachiseka, chikulandira 16 GB mosavuta. Wa mpeni uja akanakanula mpaka kuthyola pulasitiki, osapeza n'chozula chomwe.