Kusiyanitsa Msoti ndi Tambala ku Nkolokosa

Thadzi likafungatira mazira masiku 21, anapiye amene amatuluka sadziwika kuti wamkazi ndi uti, wamwamuna ndi uti. Ubweya wofanana, kulira kofanana, njala yofanananso. Njira yodziwira tsiku loyamba lomwelo ilipo, yosuzumira kotulukira zitosi. Inachokera ku Japan m'zaka za m'ma 1930, ndipo ogwira ntchito m'makampani oswetsa anapiye amaiphunzira nthawi yaitali. Ku Nkolokosa luso limeneli anthu amachita kubadwa nalo, makamaka amene sanawetepo nkhuku.

Zizindikiro zenizeni zimabwera pang'onopang'ono. Pakati pa milungu 4 ndi 6, mnofu wa pamutu ndi wolendewera kunsi kwa mlomo umayamba kukula ndi kufiira mwa tambala, pamene wa msoti umakhalabe waung'ono ndi wotuwa. Miyendo ya tambala imanenepa msanga. Cha m'milungu 12, nthenga za m'khosi ndi za pamsana pafupi ndi mchira zimasongoka ndi kunyezimira, za msoti n'kukhala zobulungira kunsonga. Umboni wodalirika kwambiri ndi uwiri: tambala amalira pa miyezi 4 kapena 5, ndipo msoti wachikuda umaikira ukafika miyezi 6 kapena 7. Mitundu ina imasokoneza dala. Kameta alibe nthenga za m'khosi zoti munthu aone, ya tsumba imabisa mnofu wa pamutu, ndipo nthenga za kansilanga zimaloza kumene zafuna. Za Mikolongwe, mtundu wa Black Australorp umene boma lakhala likufalitsa kuchokera ku Chiradzulu, n'zakuda bii zonse.

Vuto n'lakuti nkhuku zambiri za kuseri kwa nyumba zimagulidwa zisanafike msinkhu wodziulula. Wogulitsa amafika pa geti ndi chitete pa njinga, ndipo m'chitetemo simupezeka tambala ngati wogula akufuna mazira. "Mayi, uwu ndi msoti weniweni, muone nokha mmene ukuchitira manyazi. Mwezi uno sutha, muzidzatola mazira." Wogula akati akufuna tambala wa mbewu, nkhuku yomweyo imalowa m'chitete n'kutulukanso itasintha: "Bwana, apa mwapeza mwamuna." Wogulitsayo sayenera kuweruzidwa kwambiri. Wapalasa njinga chikwereza cha ku Soche, ali ndi ana ofuna ndalama ya sukulu, ndipo mawa adzakhala ali ku Bangwe kumene sakumudziwa.

Woyenera mutu wakewake ndi katswiri wa pampanda. Ameneyu ndi neba, kawirikawiri bambo wopuma pantchito, amene nkhuku zake zinatha ndi chitopa kalekale chifukwa ankati katemera n'kutaya ndalama. Khola lake tsopano amasungiramo mabotolo. Safuna kuitanidwa. Akangomva kuti kwalowa nkhuku, mutu umatulukira pamwamba pa mpanda, kenako thupi lonse limalowera pa geti: "Aneba, tabwera nayoni kuno ndiione."

Zipangizo zake ndi zitatu. Amagwira nkhuku miyendo n'kuizondotsa. Ikadzutsa mutu ndi tambala, ikangolendewera ndi msoti. Nkhuku yotopa ndi dzuwa la pa njinga imalendewera, choncho zonse zogulidwa masana zimapezeka misoti. Amamangirira singano ku ulusi n'kuilendewetsa pamsana pa nkhuku, ndipo singanoyo imazungulira motsatira kunjenjemera kwa dzanja lake. Chachitatu ndi dzira: losongoka akuti limatulutsa tambala, lobulungira msoti. Zonsezi zimalondola theka la nthawi, chimodzimodzi kuponya ndalama m'mwamba, kungoti ndalamayo sipempha tiyi ikatha kugwa. Katswiriyu amapempha, wa mkaka, ndipo pomwa amafotokoza za nkhuku 200 zimene ankaweta kumudzi, zomwe palibe munthu wamoyo anazionapo. Akamachoka amasiya malangizo a kamangidwe ka khola, kaleredwe ka ana ndi mtundu wa penti woyenera pa geti.

Zotsatira zake zimadziwika bwino m'nyumba zoyandikana za ku Nkolokosa, kumene zenera la kuchipinda kwa wina limayang'anizana ndi khola la mnzake. Posachedwapa banja lina linagula misoti isanu yovomerezedwa ndi katswiri, n'kumathamangira madeya ku chigayo miyezi inayi, mayi wa m'nyumba atalonjeza kale ana dzira lokazinga. Mbandakucha wina msoti woyamba unayesa mawu, osasa ngati chitseko cha dzimbiri. Sabata isanathe inayi inali ikulandizana nyimbo, wachisanu utathothoka nthenga chifukwa chosowa pothawira. Akatswiri a ziweto amalangiza tambala mmodzi pa mathadzi pafupifupi 10. Kutembenuza chiwerengerocho kumabala ndewu m'khola ndi madandaulo kunja kwake, ndipo woyamba kudandaula za phokoso amakhala katswiri yemwe uja.

Kulakwa iye salakwa. Amati wogulitsa anasinthanitsa nkhuku pobweza chenji. Amati madeya a masiku ano ali ndi mankhwala. Zikavuta amathawira ku chikhulupiriro chakale chakuti thadzi likalira ngati tambala ndi malodza. Zoti thadzi limatha kulira n'zoona, zimachitika mwa apo ndi apo chiwalo chopangira mazira chikawonongeka, koma sizichitikira nkhuku zinayi sabata imodzi, zonse za mchira wopindika. Katswiri zimenezo sizimukhudza. Amatsitsa mawu, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti: "Aneba, izi si zabwino. Musazigoneke, ziphedwe."

Pa mfundo yokhayi malangizo ake amagwirizana ndi a alangizi a zaulimi, chifukwa atambala owonjezera malo awo ndi mumphika kapena pa msika wa Zingwangwa, kumene tambala wachikuda amagulidwa bwino nyengo ya Khirisimasi. Eni khola ambiri amasankha mphika. Mpeni amabwera nawo yekha katswiri, ponena kuti nkhuku ya malodza sadula munthu wamba, ndipo popeza mwambo umati nthutumba ndi ya wamkulu, amakhala pansi kudikira kuti ipse.